Chaka Chimene Ndinapakiza Mzere wa Naini

Kwathu kuno ku Kasisi anthu ambiri amachitchula chaka cha nyika, chifukwa ndi mmene tinabwereranso m'madambo kukazula nyika, timibulu takuda tam'matope timene timadya chimanga chikatithawa. Ine ndimachitchula chaka cha mzere wa naini. Njala inalipo, sindikukana, koma pamudzi pathu palibe amene tinamuika m'manda chifukwa cha iyo, ndipo ndikachikumbukira chaka chimenecho ndimayamba ndi kuseka. Chinandisautsa ine si m'mimba ayi. Anali mapando khumi ndi atatu a matimati m'dimba langa.

Juni

Mvula inali itadula mu Febuluwale, chimanga chikungoyamba ngayaye. Kumunda wa kumtunda tinatolako madengu awiri a mapira, basi. Bambo a Tiya, amuna anga, atawayang'ana madenguwo anangopukuta njinga n'kupita kukadula nzimbe ku esiteti. Ine ndinatsala ndi ana atatu ndi dimba limene mayi anga anandisiyira m'mbali mwa Shire.

Tsiku lina alangizi anabwera kudimbako ndi mlendo, mtsikana wowonda wovala nsapato za mphira. Anati ndi Mayi Lungu, akuchokera ku sukulu ya ukachenjede, ndipo maphunziro awo ndi a matimati okhaokha. Kwawo kunali ku Dedza, kumene anthu amavala majuzi dzuwa lili pamutu. Ife Juni ameneyo tinkaothera dzuwa m'mawa, koma iwo thukuta linali kamukamu. Ndinati mumtima, Okutobala akadzafika mwana uyu tidzamunyamula pa machila.

Mayi Lungu anandifunsa chifukwa chimene sindilima matimati m'chilimwe, mtengo wake ukakhala wabwino. Ndinawauza zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa: kutentha kumayoyola maluwa, ndipo ochepa amene abereka amakhala amadzimadzi, venda akawakweza chitunda kupita ku Blantyre amakafika ali phala.

"Ndicho ndabwerera, amayi," anatero. "Ndili ndi mitundu khumi ndi iwiri. Tinaipeza pokwatitsa matimati, kutenga ufa wa m'duwa la uyu n'kukauika m'duwa la uyo. Ndikufuna wopirira kutentha, wotsekemera, wa khungu lolimba. Mbewu iliyonse ili ndi chibadwa chake chimene inatenga kwa makolo, ndipo chinalembedwa m'tsamba lililonse. Tili ndi makina owerenga zimenezo. Ndikadziwa mtundu umene wachita bwino m'dimba lanu, ndikaona zimene zinalembedwa mwa iwo. Ndiye mtsogolo ndizitha kusankha mbande zabwino zikadali ndi masamba awiri, osadikira miyezi inayi."

"Ndiye kuti mumaombeza matimati," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawakonda kuyambira pomwepo.

Madimba oyeserera anali atatu: langa, lina ku Chapananga pafupi ndi chitsime, lina kumunsi ku Chiromo. Anati andibwereka pampu yopalasa ndi miyendo, andipatsa feteleza, ndipo zipatso akamaliza kuziyeza zidzakhala zanga. Lamulo linali limodzi. "Musachotse kanthu, musawonjezere kanthu. Mbande ikafa, isiyeni, mungolemba tsiku m'kope ili." Ndinagwedeza mutu, koma maso anga anali pa pampu.

Ogasiti

Tinafesa nazale, timabedi khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi kachikwangwani ka nambala yake. Dimba loyandikana ndi langa ndi la mlamu wanga Marita, mkazi wa mchimwene wanga, Msena wa ku Nsanje amene pakamwa pake sipauma. Anaimirira pamalire manja ali m'chiuno.

"Mlamu, matimati a manambala ngati odwala kuchipatala? Nkhabe, ine ayi, zanga ndi zomwezi."

Zake zinali mbewu zofinya kuchokera ku matimati amene anagula pamsika zaka zinayi zapitazo. Chaka ndi chaka ankafinyira njere pa chiguduli cha thumba, n'kuchiyanika, n'kuchisomeka kudenga. Anafesa nazale yake patapita masabata awiri ine nditafesa, kuti andionetse.

Mphekesera nazo sizinachedwe. Ena ankati amene adzadye matimati amenewo sadzaberekanso. Ena ankati alendowo akufuna kulanda madimba, manambalawo ndi chiyambi chabe. Mayi wina wa ana asanu ndi anayi anandikokera pambali kuchigayo n'kundinong'oneza kuti ngati nkhani ya kusaberekayo ndi yoona ndimusungire dengu lathunthu. Mwezi umenewo chimanga pamsika chinali chitayamba kukwera sabata ndi sabata, ndipo kuchigayo madeya ankatha usanafike masana.

Seputembala

Tinawokera ndi chingwe ngati tikumanga nyumba: mizere khumi ndi iwiri, uliwonse mapando makumi awiri. Mzere wa naini unapezeka m'mphepete mwa kanjira kamene anthu amadutsa popita kumtsinje, chifukwa Mayi Lungu sanaiike motsatana manambala, anachita kutola timapepala m'chipewa.

Patapita masiku ochepa anabwera ndi kasizasi ndi timabotolo tating'ono ngati chala. Mbande iliyonse anaidula kansonga ka tsamba, n'kukaponya m'kabotolo ka nambala yake, n'kuika m'bokosi lozizira. Mbande mazana awiri ndi makumi anayi, atagwada, dzuwa likuwaphika. Ndinawathyolera tsamba la nthochi kuti adziphimbe kumutu. Kuyambira tsiku limenelo ana anayamba kuwatchula kuti Mayi a Masamba.

Sabata yotsatira ndinapita ku maliro a malume a bambo a Tiya, ndinakhalako masiku atatu, Marita n'kumandithiririra. Pobwerera ndinapeza zonse zili bwinobwino, mizere itaima ngati ana a sukulu. Ndinkapalasa pampu ija m'mawa uliwonse ndikuimba nyimbo za kwayala, ndipo amayi opita kumtsinje ankaima kuti aone madzi akutuluka m'paipi.

Okutobala

Kutentha kwa chaka chimenecho ngakhale ife eni ake tinakudandaula. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Mchenga wa m'njira sunkapondeka ndi phazi lopanda kanthu. Mafuta a galimoto anasowa m'dziko, choncho Mayi Lungu sanabwere mwezi wonse, alangizi nawo njinga yawo yamoto inagona m'nyumba. Marita anaitanidwa ku Nsanje, mayi ake anali kudwala. Pochoka anandiuza kuti, "Shamwali, nazale yanga izo, zakula kale. Zimene mungathe tengani, zisangopsa."

Mizere ina inkafota masana, dzuwa likapendeka n'kudzukanso. Wa naini ukagona sunkadzuka. Tsiku loyamba zinafa ziwiri, ndinalemba m'kope monga anandiuzira. Mawa lake zitatu. Sabata isanathe, mzere umenewo unali ngati m'kamwa mwa nkhalamba, apa dzino, apa palibe. Zinafa khumi ndi zitatu.

Anthu amene simunalimepo dimba mwina simungamvetse. Kuno phando likafa timapakiza, kudzalamo mbande ina tsiku lomwelo. Palibe amene anatiphunzitsa ngati phunziro, tinangoona amayi athu akuchita, monga kutseka chitseko potuluka. Phando lopanda kanthu pa nthaka yonyowa, yothira manyowa, m'chaka chimene ana akudya kamodzi pa tsiku, kwa ine linali tchimo. Komanso mzerewo unali panjira. Ndinamva ndi makutu anga mayi wina akuuza mnzake kuti, "Pampu anapatsidwa, koma taonani dimba la mkazi waulesi."

Ndinapirira masiku awiri. Lachitatu lake dzuwa litapepa ndinalowa m'nazale ya Marita, ndinazula mbande khumi ndi zitatu zonenepa, n'kuziwokera m'mapando aja. Iliyonse ndinaisomekera kabango ndi tsamba la nthochi kuti ipeze mthunzi. Lamulo lija ndinalikumbukira, sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinangodziuza kuti mwana wa ku Dedza uja sadziwa njala, ndipo akabwera ndidzamuuza, adzaseka. Tsamba la m'kope limene ndinalembapo masiku aja ndinaling'amba n'kuyatsira moto. Munthu amene akufunadi kudzanena zoona sang'amba pepala, koma zimenezo ndikuziona lero.

Patapita masiku ochepa kunabwera mitambo, kunawaza kamvula kozimitsa fumbi, kutentha kunachepako. Mbande za Marita zinagwira zonse. Zinakula ngati zikuthamangitsidwa.

Novembala

Uwu ndiwo unali mwezi wowawa. Mapira anali atatha kalekale. Ndalama za bambo a Tiya zinkagula chimanga cha masabata awiri, masabata enawo tinkadziwa tokha. Tinkaphika mango aawisi. Tinkalawirira kudambo kukazula nyika, madzi ali m'chiuno, mmodzi ataima pachulu kuyang'ana ng'ona. Nyika ukaiphika imakhutitsa, koma imakuuza kuti si chakudya chosankha. Mabanja ena anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku. Ena anatumiza ana kwa abale kumtunda. Chimanga chothandizira chinabwera kamodzi, tinagawana thumba mabanja awiri, ndipo tinaimba pobwerera ngati tikuchokera ku ukwati.

Koma m'dimba munali mobiriwira, ndipo ine ndikakhala m'menemo njala ndinkaiiwala. Ndinazika timitengo, ndinamanga nthambi ndi luzi, ndinkatuluka manja akununkhira masamba a matimati. Marita anabwerako ku Nsanje, mayi ake atachira, n'kupeza nazale yake itauma. Sanafunse kuti ndinatengamo zingati.

Mayi Lungu anafika pakati pa mwezi, ali wokhumudwa. Ku Chapananga chitsime chinali chitaphwa, matimati onse anapsa. Ku Chiromo mvuu inalowa m'dimba kufuna chimanga cha woyandikana naye, n'kupondaponda theka la mizere. "Ndatsala ndi inu nokha, amayi," anatero.

Anayenda mzere ndi mzere akuwerenga maluwa ndi tizipatso. Pa mizere ina ankapukusa mutu, maluwa atayoyoka. Atafika pa naini anaima. Anawerenga, n'kuwerenganso.

"Makumi awiri onse? Palibe imene inafa?"

"Mukuona nokha, mayi," ndinayankha.

Pakamwa panga sipanatuluke bodza, ndinadzitonthoza choncho. Iwo anaona kuti mitengo ina m'mzeremo inali yofooka, ina yamphamvu, koma anati mtundu watsopano umatero nthawi zina, ana ena amatengera kwa bambo ena kwa mayi. Anajambula ndi foni, nkhope itawala koyamba tsiku limenelo. Ndinaona chimwemwe chimenecho n'kulephera kuchizimitsa. Ndinaganizanso kuti palibe cholakwika chachikulu: akausankha mzerewu adzafinya mbewu kuchokera ku zipatso zomwezi, ndipo anthu adzalandira matimati abwino, kaya dzina lake ndi naini kaya ndi Marita.

Disembala

Mvula inagwa bwino, tinadzala mapira ndi chimanga kumtunda. Kudimba matimati anayamba kufiira.

Mayi Lungu ankabwera sabata iliyonse tsopano. Zipatso za mzere uliwonse ankazipima pa sikelo padera. Anali ndi kachipangizo konga tochi, akadonthezapo madzi a tomato n'kusuzumira, ankadziwa kutsekemera kwake. Anali ndi kena kobaya khungu kuti aone kulimba. Zina ankaziyala pa mphasa m'khonde mwanga, ine n'kumalemba tsiku limene chilichonse chayamba kufewa.

Tsiku lina anaitana amayi khumi kuti alawe. Anadula timagawo, n'kutiika m'mbale za manambala. Amayi aja analawa mwaulemu, aliyense n'kunena kuti zonse ndi zabwino, zikomo kwambiri. Marita ndiye anamasula.

"Madamu, tomato wamuwisi amadya ndi mbuzi. Mukafuna kumudziwa, muikeni mumphika ndi makakana."

Tinasonkha moto pansi pa mtengo wa mango, tinaphika timiphika khumi ndi tiwiri ta nsomba zouma, ndipo pamenepo amayi anayamba kuyankhula zoona. Uyu ndi madzi okhaokha. Uyu akuwawasa ngati bwemba. Nambala folo ndi leveni zinayamikiridwa, koma naini anapambana, msuzi wake unali wogwirana, wofiira bwino. Marita ananyambita chala n'kunena kuti, "Pyadidi, zabwino zedi! Koma anthu a sukulu ndi mfiti. Tomato ngati uyu sindinamulawepo chibadwire." Ine ndinatembenuka kukasonkheza moto kuti asandione nkhope.

Mavenda anayamba kufika ndi njinga zamoto mpaka kudimba, poti nthawi imeneyo matimati anali osowa. Ndinagula thumba la chimanga lathunthu, loyamba chaka chimenecho, ndipo pa Khirisimasi ana anadya mpunga. Ndinatumiza ndowa ya ufa kwa Marita ndi ina kwa mayi uja anati ndine waulesi. Ndinali wokondwa, ndipo nkhani ya mapando ija ndinali nditaikankhira kuseri kwa mtima.

Januwale

Shire anayamba kudzaza, madzi ofiira akukwera pang'onopang'ono kulowera kumadimba. Mayi Lungu anabwera komaliza kuti atseke kafukufuku. Anati mawa lake ndizule mitengo yonse ndi kuitentha, matenda asatsalire m'nthaka. Tinakhala pamzere, Marita alipo, iwo akutsegula kope lawo lalikulu.

"Ndasankha mitundu itatu," anatero. "Folo, leveni, koma woyamba ndi naini. Ndafananiza zipatso zake ndi zimene makina anawerenga m'masamba aja ndinadula mu Seputembala, ndipo ndikuganiza kuti ndaona pamene pagona kupirira kwake. Naini akhala kholo, tizikwatitsa mitundu ina kwa iye. Chilimwe chikubwerachi alimi makumi asanu ayesa mbewu yake m'madimba awo."

Marita anawomba m'manja. "Ine mundilembe woyamba. Mbuzi yanga yaikazi ija ndigulitsa, ndibwereke dimba lonse la a Zuze, akumunsi aja, ndidzale naini yekhayekha."

Ndinati, "Ndiye ndikufinyireni mbewu lero, zipatso zakupsa zikadalipo."

"Ayi amayi, musavutike. Za m'munda sitifinya, njuchi zimatha kusakaniza. Mbewu yeniyeni ya naini ili m'firiji kusukulu, yomwe ija tinafesa mu Ogasiti. Tichulukitsa imeneyo."

Mbewu yomwe ija. Imene inafa khumi ndi zitatu pa makumi awiri sabata imodzi. Ndinaona madimba makumi asanu mu Okutobala, ndinaona Marita ataima m'dimba la a Zuze mbuzi atagulitsa, mizere yonse itagona. Ndipo masamba amene makina anawerenga anali a mitengo yakufa, pamene zipatso zimene anapima zinali za mitengo ina. Mwana wa eni ake anali atalumikiza mutu wa mbuzi ku thupi la nkhosa, chifukwa cha ine. Mawa ndikazula ndi kutentha, palibe amene akanadzadziwa mpaka mbande zitayamba kufa.

Anatseka kope, anatsanzika, anayamba kuyenda kupita kugalimoto imene inaima kumtunda. Ndinawasiya afike pa mtengo wa mango. Ndinaganiza za pampu, ndinaganiza za manyazi pamaso pa mlamu wanga amene sasunga nkhani. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinathamanga.

"Mayi, taimani. Naini uja si naini."

Anandiyang'ana osamvetsa.

"Anafa mu Okutobala, khumi ndi atatu. Ndinapakiza ndi mbande za mlamu wangayu. Munandiuza kuti ndisawonjezere kanthu, ndinamva, koma ndinachita. Masiku ndinalemba, pepala ndinang'amba."

Sanakalipe. Bwenzi kuli bwino akanakalipa. Anakhala pansi pa muzu wa mango, kope lili pamiyendo. Kenako anati, mawu ali pansipansi, "Ndinalembera kale aphunzitsi anga. Ndinawauza kuti ndapeza."

"Pepani, mwana wanga."

"Ndinakufunsani mu Novembala."

"Munandifunsa."

Pepani sapoletsa chilonda, ndinadziwa. Ndinangoima ngati mwana woswa mtsuko. Marita anali atatipeza, ndipo anamva zonse. Kenako anatulutsa. "Mlamu, mukuti chiyani? Tomato ndinanyambita chala uja ndi wanga? Wa pachiguduli?" Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, akulimbana ndi kuseka pa maliro a mnzake.

Mayi Lungu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amayi, mukudziwa chifukwa chake ndinati musawonjezere? Ine ndinabwera kudzafunsa funso. Mtengo wobereka ndi yankho, phando lopanda kanthu nalonso ndi yankho. Akanandiuza mapando aja kuti naini sangakhale kuno. Inu munawatseka pakamwa."

Palibe amene anandifotokozerapo choncho, ndipo ndinawauza kuti akanayamba ndi mawu amenewo mu Juni mwina ndikanapirira. Anavomera kuti iwonso analakwa kupereka lamulo lopanda chifukwa chake kwa munthu amene walima zaka zoposa zimene iwo akhala ndi moyo.

"Mungathe kuizindikira mitengo imene munapakiza?"

"Ndi maso otseka."

Tinabwerera kudimba. Ndinayenda mzere wa naini ndikuloza, uwu, uwu, uwu, ndipo pansi pa uliwonse panali kachitsa ka bango lija ndinasomekera mthunzi. Khumi ndi itatu. Anakatenga bokosi lawo lozizira kugalimoto, nagwadanso m'matope, kudula masamba a mitengo yonse makumi awiri. Masiku amene inafa ndinawakumbukira powerengera kuchokera Lamulungu limene Marita ananyamuka. Pochoka Mayi Lungu anatsanzika mwaulemu, koma sanandiyang'ane m'maso. Pampu sanaitchule. Ndinaitsuka, ndinaiika m'nyumba, n'kumadikira kuti aitumizire munthu.

Epulo

Madzi anakwera mu Febuluwale n'kumiza madimba, monga amachitira, n'kutisiyira dothi latsopano. Kumtunda mvula sinadule. Mapira anaweramitsa mitu, chimanga chinacha, tinayamba kukazinga chachiwisi mu Malichi, ndipo ana masaya anabwerera. Bambo a Tiya anabwera kudzamanga nkhokwe yatsopano. Nkhani ya naini inali itafika kale mpaka kumsika, ndipo anthu akandiona ankafunsa ngati ndili ndi mbande zopakizira.

Tikupuntha mapira pabwalo, galimoto ija inatulukira. Mayi Lungu anatsika atanyamula pepala, osati chingwe chomangira pampu. Anakhala pa mphasa, anamwa thobwa, kenako anatambasula pepalalo. Linali ndi timizere tambirimbiri tamitundu, ndipo anandionetsa mmene ta mitengo ina tinkafananira, ta inayo n'kusiyana.

"Munati khumi ndi itatu," anatero. "Yonse imene munaloza makina avomereza. Koma apeza wina wachilendo, wachiwiri kuchokera kunjira. Ndi khumi ndi inayi."

Ndinalumbira pa ana anga kuti umenewo sindinaukhudze, unali wa iwo kuyambira pachiyambi. Ndinati makina awo ndi amene asokonezeka. Ndili mkati mokangana ndi pepala, ndinaona Marita wasiya kupeta, akuyang'ana m'lichero ngati mwagwera ndalama.

"Mlamu," ndinatero.

"Nthawi ija munali kumaliro," anayankha, maso ali pansi. "Kamodzi kokha kanafota. Ine ndikuthirira, ndidumphe phando? Nkhabe, shamwali, dzanja linangochita lokha."

Mayi Lungu anaseka mpaka thobwa linawatsamwa, ife tonse n'kugwa nalo phwete. Miyezi itatu Marita anakhala akundiimba pamudzi ponse, pamene woyamba kuchimwa anali iye.

Naini anachotsedwa. Folo ndi leveni anapitirira. Tomato wa Marita anamupatsa nambala yake, satini, kuti ayesedwe pamodzi ndi enawo. Marita anafuna kuyamba kudzitama, koma Mayi Lungu anamudula. Anati mwina ndi chibadwa chake, mwinanso anangochita mwayi wowokeredwa kutentha koopsa kutatsala pang'ono kutha, ndipo sitingadziwe mpaka tiyese bwinobwino. Mbuzi ija sinagulitsidwe, inaswa ana awiri mu Meyi.

Ndinafunsa Mayi Lungu za sukulu yawo. Anati ayenera kubwereza chilimwe china, anzawo avala mikanjo chaka chino iwo adzavala chaka chamawa. Anazinena mopepuka, koma zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Chaka cha moyo wa mwana wa munthu ndinachidya ine ndi mbande khumi ndi zitatu.

"Ndiye dimba lina mwalipeza kuti?" ndinafunsa.

"Lomweli. Mlimi amene anandithamangira pa mtengo wa mango ndikumudziwa. Wina watsopano ndingayambenso kumuphunzira."

Okutobala wotsatira, m'dimba langa munafa mbande zisanu ndi ziwiri, m'mizere itatu. Ndinalemba masiku, n'kusiya mapando ali yasa. Pothirira ndinkawadumpha nditayang'ana kumbali, ndipo Marita ndinamuletsa kulowamo opanda ine. Tsiku lina a Zuze, nkhalamba ya dimba lakumunsi, anaima panjira nthawi yaitali akuyang'ana. Anapita, n'kubwerera atafumbata mbande zokutira m'tsamba la nthochi, mizu ikadali ndi dothi lonyowa.

"Amake Tiya, musachite manyazi kupempha. Tengani izi mupakize, dzuwa lisanakwere."

Zinali mbande zokongola, ndipo manja anga anayamba kunyanyuka okha. Ndinawabisa kumbuyo.

"Zikomo, bambo, kadzaleni kwanu. Mapando awa ali pa ntchito."